Siponji M'vani ya Tenson

"Gwirani apo! Osati apo imwe, pakona!"

Tenson Mbewe anali atagwada m'vani mwake, chitini cha guluu chili pambali, akukuwa ngati mkazi wake ali kumunda. Chonsecho Dyness anali pompo pachitseko, atagwira chidutswa cha siponji. Siponjiyo inachokera m'matiresi a alendo, amene Tenson anawang'amba m'mawa womwewo osafunsa munthu.

"Nagwira, atate ake Tisauke. Musakuwe, nili pafupi."

"Ati?"

"Nati nagwira!"

"Mwaona manje? Chongo cha motoka iyi chaniononga. Olo nifike panyumba nizimye injini, chikali chabe kulila m'mutu. Koma lekani nisilize nchito iyi, muzaona. Tizayamba kukamba monga anthu."

Dyness anakanikiza siponji ija pakhoma la vani, fungo la guluu likumulowa m'mphuno, nayang'ana kumbali.

Vaniyo inali yokalamba, tisabise. Inayamba ndi kunyamula buledi ku Lusaka kalekale, ndipo pofika m'manja mwa Tenson inali itatopa. Kumbuyo kunalibe mawindo am'mbali, kupatula tiwiri tating'ono pachitseko chakumapeto. Pakati pa dalaivala ndi katundu panali chipupa chachitsulo chokhala ndi kabowo koonerapo. Ikangolowa mumsewu wafumbi wa ku Palabana, chilichonse chinkalira: zitseko, denga, pansi, zigubu za mkaka. Anthu ankaimva isanaoneke. M'mawa uliwonse inkatola mkaka kwa alimi kupita nawo kosungira, ikatero n'kunyamula amayi a repu ndi matimati kupita nawo ku Chongwe. Wofuna kutsika ankagogoda chipupa chija kawiri. Kukakhala vuto ankagogoda osalekeza. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma ngakhale wokwera koyamba ankalidziwa.

Ndiye phokoso linalipo ndithu, Tenson sankanama. Koma silinali lokhalo. Asanagule vani, bamboyu anagwira ntchito pachigayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ataima pafupi ndi injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, m'makutu mulibe ngakhale kathonje. Chigayo chinamudya makutu pang'onopang'ono. Foni ikalira m'thumba mwake ankachita kumuuza ena. Munthu akamulankhula ali kumbuyo kwake, iye ankangoti "Eya, eya," n'kugwedeza mutu, asanamve ngakhale liwu limodzi. Eya ameneyu anali atamuvomerezetsa kale zinthu zambiri zimene sankazidziwa. Koma kumuuza kuti makutu afa? Ha, yesani muone.

N'chifukwa chake kwa zaka ziwiri Dyness sankachoka pampando wakutsogolo. Anthu ankati ndi nsanje, ati mayiyu akulondera mwamuna wake kwa amayi a matimati. Iye ankangoseka nawo. Zoona zake zinali zina. Munthu akagogoda kumbuyo, kapena galimoto ina ikaliza hutala, Dyness ankaika dzanja pabondo la mwamuna wake n'kukanikiza kawiri, ndipo Tenson ankaima. Sanapanganepo zimenezi ndi pakamwa. Palibe tsiku limene mmodzi wa iwo anazitchula.

Ntchito yotseka phokoso inatenga masiku anayi. Tenson anamata machubu akale a matayala m'kati mwa zitseko, nasungunula phula n'kupaka m'ming'alu ya denga. Makoma onse anawakuta ndi siponji, pamwamba pake n'kumata kapeti yakale imene anapempha kutchalitchi. Kabowo koonera kumbuyo kaja anakatseka mbali zonse ziwiri, ati ndi mmene phokoso linkadzera kwambiri. Timawindo takumapeto tinkanjenjemera, ndiye anatimata ndi guluu mpaka osatsegukanso. Ngakhale pachogwirira cham'kati cha chitseko cham'mbali anadutsitsapo kapeti. Chinathyoka kalekale, zitseko zakumbuyo zonse ankachita kutsegula Dyness ali kunja, nanga chinali cha ntchito yanji?

Loweruka kunabwera Tisauke, mwana wawo woyamba, amene amaphunzitsa ana ang'onoang'ono ku Chalimbana. Anasuzumira m'vani, namenya khoma ndi nkhonya. Silinalire.

"Atate, manje anthu azagogoda pati?"

Tenson anali atamufulatira, akudula kapeti. "Eya, eya."

Tisauke anazungulira n'kukaima pamaso pake. "Nati anthu azagogoda pati akafuna kuseluka?"

"Azakamba pokwela. Munthu sadziwa kwamene ayenda?"

"Atate, tiyeni kuchipatala akakupimeni makutu. Si motoka iyi ili na chongo. Nizakupelekezani ine pa Mande."

Tenson anaika mpeni pansi. Mawu amenewa anawamva onse, poti Tisauke anawalankhula pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso.

"Iwe, ninakuphunzitsa kuti uzibwela kunitukwana pakhomo panga? Makutu anga ali na chani? Ufuna dokota alembe kuti Mbewe ni gonthi, anipoke laisensi? Tizadya chani pano? Tizadya choko yako?"

"Tisauke, leka atate ako," anatero Dyness. "Bwela unithandize kusenda nyemba."

Atafika kuseri kwa nyumba, Tisauke sanakhudze nyemba n'komwe. "Amayi, mukuwabisila. Tsiku lina kuzachitika chinthu."

"Ukamba monga sinidziwa. Atate ako ukawachotsela motoka ija, wawapha. Malinga ine nili pampando uja, palibe chizachitika."

Dyness ankakhulupiriradi zimenezi, ndipo n'zimene zimandimvetsa chisoni. Sanali mayi wopusa ayi. Anali wotopa, ndipo ankamukonda mwamuna wake.

Panatsala pansi pokha. Lolemba Tenson anapita ndi vani kwa Greenwell, wowotcherera zitsulo pamsika wa Chongwe, kuti akamange paipi ya utsi imene inkagunda pansi. Dyness anatsikira pa amayi a matimati kukagula sopo. Greenwell analowa chagada pansi pa vani, miyendo yokha ili kunja, nayamba kulankhula ali komweko.

"Ba Tenson, paipi namanga. Koma apa pamwamba pa sailensa pali chibowo, dzimbili yadya. Na sailensa yeve yang'ambika, itulutsa moto. Musafakepo siponji apa, ni ngozi. Mubwele mailo niwotchelepo chitsulo. Mwamvela?"

Tenson anali ataima pambali, manja m'thumba, akuonera ng'ombe zikuwoloka msewu. Anangomva kuti pansipo pakutuluka mawu.

"Eya, eya."

Greenwell anatuluka, napukuta manja, naona kuti nkhani yatha, vani ibweranso mawa. Madzulo a tsiku lomwelo Tenson anachipeza chibowo chija, chachikulu ngati mbale, nakondwa kwambiri. Apa ndiye pamene pankalowera fumbi ndi phokoso lonse! Anakanikizamo siponji yopinda kawiri, nathirapo phula, nayala kapeti pamwamba, n'kupondaponda ndi nsapato kuti zigwirane.

Ndipo vani inakhaladi chete. Izi palibe angatsutse. M'mawa mwake akutola mkaka, Dyness ankamva ngakhale kupuma kwake komwe.

"Mwamvela?" anafunsa Tenson, mano onse pamtunda.

"Yakhala zii," anatero Dyness.

Koma asanafike patali anamuona akupotokola khosi, akulowetsa chala m'khutu n'kugwedeza. "Kwasala pang'ono chabe," anatero bamboyo. "Chilipo chikali kulila, kapena pansi pa mpando." Madzulo anaunjika siponji ina pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, pamwamba pa chivundikiro cha injini, mpaka pamalopo sipakanakhalanso munthu.

Chimene chinamuopsa Dyness chinali china. Kumbuyo sankakumvanso. Makutu ake, amene vani yonse inkadalira, anatsekedwa pamodzi ndi phokoso. Lachinayi anapitirira naye Febby, mnansi wawo, mtunda wautali kuchokera pamene amatsikira. Atam'tsegulira anatuluka akutukwana, chitenje chili m'chiuno.

"Imwe ba Mbewe, mwatipangila bokosi la maliro? Nagogoda mpaka manja awawa! Na kununkha muno, monga chinthu chikupsa."

"Ni guluu uyo, akali watsopano," anatero Dyness, ndipo onse anaseka.

Kunyumba anam'pempha mwamuna wake kuti atsegule kabowo kaja kokha. Tenson anati mawa. Mawa lake anati mawanso. Maulendo a mkaka anali afupiafupi, kuima pano, kuima apo, ndipo sailensa sinkatentha mokwanira. Masabata awiri anatha popanda kanthu. Dyness anaganiza zoti tsiku lina Tenson akapita kodyetsa ng'ombe, adzatenge mpeni n'kuboola yekha. Tsikulo lisanafike, kunagwa maliro.

Mayi ake a munthu wina wa mpingo wawo anamwalira ku Bundabunda, ndipo mpingo unatuma amayi asanu ndi mmodzi kukathandiza kuimba ndi kuphika. Anasonkhana patchalitchi mamawa, atavala mabulauzi oyera, atanyamula mapoto ndi thumba la ufa. Panali Febby, panali Mary mkazi wa mlembi, panali amayi Selestina, achikulire odwala mphumu amene sankaphonya maliro alionse, ndi ena awiri. Wachisanu ndi chimodzi anali Dyness. Wotsogolera ulendo anali bambo Clement Tembo, mkulu wa mpingo, atavala jekete ngakhale unali mwezi wa Okutobala.

Tsono kwathu kuno mkulu wa mpingo sakhala pansi pakati pa amayi ndi mapoto, pamene mayi wakhala pampando kutsogolo. Sizichitika. Dyness anaima atagwira chitseko chakutsogolo, osalowa, osachoka.

"Amayi Mbewe, lelo munibweleke mwamuna wanu," anatero bambo Clement akuseka. "Sinizamudya. Nizakubwezelani madzulo ali wathunthu."

Amayi onse anafa nalo phwete. Dyness anazungulira kupita kwa mwamuna wake, nalankhula pafupi ndi khutu lake.

"Chotsani siponji ija ya pakati, nikhalepo ine."

"Ati?"

"Nikhale pakati!"

Tsopano aliyense anamva. Febby anaomba m'manja. "Yaba! Chikondi cha ba Mbewe, mpaka kumaliro!"

Tenson anachita manyazi, ndipo manyazi ake nthawi zonse ankatulukira mu ukali. "Mufuna kunichititsa manyazi pamaso pa akulu? Kwelani kumbuyo na anzanu."

Dyness anam'yang'ana kanthawi. Akanatha kunena pomwepo, pamaso pa onse, kuti bambo awa samva, musawasiye okha. Koma anakwera kumbuyo n'kukhala pathumba la ufa, pafupi ndi amayi Selestina. Tenson mwini ndiye anakankha chitseko n'kuchitseka.

Atadutsa Chongwe analowa mumsewu waukulu wa tala, ndipo Tenson anaponda mafuta. Kuyambira pamene anaimata, vaniyo inali isanathamangepo chonchi kwa nthawi yaitali. Dzuwa linali litakwera, zitunda zikubwera chimodzi pambuyo pa chinzake. Anatsegula wailesi n'kuikweza mpaka kumapeto, monga ankachitira nthawi zonse. Jekete lake, foni ili m'thumba, analikoloweka kuseri kwa mpando.

"Koma mwagwila nchito, ba Mbewe!" anakuwa bambo Clement. "Olo amayi oimba kumbuyo siniwamvela!" Anakweza chala chachikulu. Tenson anaona chalacho, naseka mokhutira.

Kumbuyo amayi ankaimbadi, thukuta lili kamukamu. Anali pa nyimbo yachitatu pamene Febby anakweza miyendo.

"Imwe, pansi apa patentha."

"Ni dzuwa," anatero Mary.

"Dzuwa lichokela pansi?"

Pakati pa vani kapeti inali itada, ikufewa, ndipo m'mbali mwake munkatuluka kautsi kakuda. Fungo lake linali loti ukakoka kamodzi, pakhosi pamaluma. Nyimbo inaduka. Dyness anakoka kapeti kuti aone, ndipo mpweya utangolowa, siponji ndi phula zinayaka lawilawi.

"Gogodani! Gogodani!"

Anagogoda. Amayi asanu ndi mmodzi, manja khumi ndi awiri, akumenya chipupa ndi mphamvu zawo zonse, nkhonya zikungomira m'siponji. Anakuwa dzina la Tenson, anakuwa dzina la Yesu. Mary anafufuza chogwirira chitseko napeza kapeti yokhayokha. Madzi akumwa amene anali nawo m'botolo anathira onse, koma phula silinazime, linangotulutsa utsi wochuluka. Dyness anaimba foni ya mwamuna wake. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Febby anaimbira bambo Clement, koma iwo foni ankazimitsa akamapita kumaliro, ati ndi ulemu.

Posakhalitsa sankaonananso. Amayi Selestina anayamba kupuma ngati akukoka mpweya pa kaudzu, kenako anagwera pamiyendo ya Febby. Moto unkalowera ku thumba la ufa ndi ku zitenje za anthu. Dyness anavula chitenje chake n'kuvundikira pamotopo, chitayaka anagwira siponji yoyakayo ndi manja, akuizula, akuikankhira pachibowo kuti igwere mumsewu. Phula linam'matirira m'zala. Sanaleke. Atatero anakwawira kutsogolo n'kuyamba kukanda siponji ya pakabowo koonera kaja ndi manja omwewo, akuitana, "Atate ake Tisauke! Atate ake Tisauke!" mpaka mawu anatha. Bondo la mwamuna wake linali pafupi, kuseri kwa chitsulo chimodzi chokha.

Mary ndiye anatenga poto n'kuswa kawindo kakumapeto. Utsi unatuluka chamkokomo, iye natulutsa dzanja akugwedeza duku loyera.

Kumbuyo kwawo kunali minibasi. Dalaivala wake ataona zimenezi analiza hutala osalekeza, akuthwanimitsa magetsi. Tenson sanamve kanthu. Utsi pagalasi anauona, koma vani yake inkafuka masiku onse, chachilendo n'chiyani? Bambo Clement anamva hutalayo patalipatali, kudutsa m'wailesi, natulutsa dzanja pawindo kukodola kuti wofulumirayo apitirire. Anayenda choncho chitunda chonse. Pamapeto pake minibasi inadutsa, anthu atatulutsa mitu ndi manja m'mawindo akuloza kumbuyo, niima mopingasa pakati pa msewu. Apo ndiye Tenson anaponda mabuleki, akutukwana.

Atatsegula chitseko cham'mbali, utsi unam'menya kumaso, ndipo Febby anagwera panja ngati thumba. Anthu a m'minibasi anathamanga, ena akukoka amayi, ena akuthira mchenga. Mabulauzi oyera aja anali akuda bii. Amayi Selestina anawatulutsa atawanyamula anthu atatu. Dyness anatuluka pomaliza, akukwawa ndi zigongono, manja atawakweza m'mwamba. Tenson ataona manjawo anakhala pansi mumsewu. Anthu ankamulankhula, ena akumuloza ndi zala, milomo ikuyenda mofulumira. Iye ankangoyang'ana milomoyo.

Minibasi yomweyo inatsitsa anthu ake n'kubwerera ndi amayiwo kuchipatala ku Chongwe. Amayi Selestina sanafike madzulo. Ena anayi anawatulutsa patapita masiku awiri, akutsokomola zakuda. Dyness anatsala, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, pakhosi patapsa ndi utsi moti ankangonong'ona. Tenson atavala jekete lake tsiku lija, anapeza kuti foni inalira kasanu ndi kawiri.

Pamaliro a amayi Selestina Tenson anakhala kumapeto kwenikweni, pansi pa mtengo. Atapita kukapepesa, Kondani, mwana wa malemuwo, anayang'ana dzanja lake n'kuika manja ake m'thumba. Palibe anam'dzudzula Kondani.

Vani inali kupolisi, ndipo apolisi anamuitana Tenson kuti akafotokoze. Anapita ndi Tisauke ndi bambo Clement. Ali panja kudikira, bambo Clement anam'kokera pambali nalankhula mokweza, pafupi ndi nkhope yake.

"Ba Mbewe, musachulutse nkhani mukati umo. Mukambe chabe kuti ni siponji inatseka mawu. Na ine weniweni sin'namvele, nizakuchitilani umboni. Ngozi ni ngozi. Motoka izakonzeka, muzayambanso nchito. Muli na odwala kuchipatala, muzawasunga na chani?"

Tenson anagwedeza mutu. Anali mawu abwino, ndipo sanali abodza kwenikweni.

Vaniyo inaimikidwa kuseri kwa bwalo, pakati pa magalimoto ophwanyika. Pafupi nayo panaima munthu wovala ovolosi, akusuzumira pansi. Anali Greenwell. Anamva nkhaniyo pamsika, ndipo anabwera kudzaona ndi maso ake. Ataona Tenson anadzuka, maso ali ofiira.

"Ba Tenson, sininakuuzeni? Sininakambe kuti pa sailensa musafakepo siponji?"

"Ati?"

Greenwell anabwereza, tsopano akukuwa, akuloza chibowo chakuda chija.

"Unaniuza liti?"

"Pa Mande paja, nili pansi pa motoka! Nakamba kuti mubwele mailo niwotchelepo chitsulo. Nafunsa kuti mwamvela, imwe mwayankha ati eya, eya. Ine nakuyembekezani mailo lake mpaka madzulo!"

Tenson anapita kukakhala patayala lakale limene linali pafupi. Anali atatha masiku asanu osaliza injini, osakwera vani. Pabwalopo panalibe galimoto yoyenda. Masamba a mtengo sankagwedera n'komwe. Koma phokoso lija linalipo, lonse lathunthu, monga linalili asanang'ambe matiresi a alendo. Kwa nthawi yoyamba anakhala phee n'kulimvetsera bwinobwino, ndipo analizindikira. Sichinali chitseko, silinali denga, sanali matayala. Chinali chigayo. Ankamva ngakhale lamba wake akumenya.

Tisauke anagwada patsogolo pake. "Atate, atiitana."

M'ofesi munali wapolisi wamkazi, cholembera chili m'manja. Anafunsa dzina, zaka, kumene amakhala, maso ali papepala. Funso lililonse Tisauke ankalibwereza pafupi ndi khutu la bambo ake. Wapolisiyo anakweza mutu, nawayang'ana onse awiri.

"Amayi anagogoda, anakuwa, anatuma foni, minibasi inaliza hutala. Imwe simunamvele chilichonse?"

"Ni siponji, bwana," analowerera bambo Clement. "Na ine n'nali mwamene muja..."

"Ba Tembo, lekani," anatero Tenson. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa laisensi yake, naiika patebulo. "Lembani kuti ine sinimvela. Makutu anafa, zaka zitatu manje, kapena kupitilila. Mwana wanga ananiuza, n'namutukwana. Wowotchelela ananichenjeza za moto, n'nayankha eya, osamvela. Mkazi wanga ndiye anali makutu anga, ine n'namutsekela kumbuyo. Lembani vonse."

Bambo Clement anagwira kumutu. Wapolisi analemba, ndipo zinatenga nthawi. Atamaliza anatenga laisensi ija n'kuiika m'kabati, nati nkhaniyi ipita kukhoti, adzawauza tsiku. Tisauke anabwereza zimenezi kwa bambo ake, misozi ikutsika. Tenson sananene kuti eya. Anafunsa kuti abwereze kachiwiri, kuti amve bwino.

Kuchokera pamenepo anayenda wapansi kupita kuchipatala, dzuwa likuswa mtengo. Inali nthawi yoona odwala, ndipo m'wodi munadzaza anthu ndi mabasiketi a zakudya. Dyness anali atatsamira pilo, manja ake oyera ndi mabandeji ali pamwamba pa bulangete. Tenson anakhala pamphepete pa bedi. Tisauke anawerama n'kuwauza mayi ake zonse zimene zinachitika kupolisi, mpaka za laisensi ndi za khoti.

Dyness anatseka maso kanthawi. Atatsegula anayang'ana mwamuna wake, milomo yake niyamba kuyenda. Tenson anawerama, nabweretsa khutu lakumanja, kenako lakumanzere. Mpweya wa mkazi wake ankaumva patsaya, wofunda, koma mawu ayi.

"Sinimvela, amake Tisauke," anatero. "Sinikumvelani."

"Nikambe ine, amayi?" anafunsa Tisauke.

Dyness anapukusa mutu. Anakweza dzanja lamanja pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika ndi ululu, nalitsitsira pabondo la mwamuna wake. Anakanikiza kamodzi. Anapuma. Anakanikizanso.

"Naima," anatero Tenson.

Iye ankayesa kuti wanong'ona, koma anakuwa mpaka wodi yonse inatembenuka. Palibe anaseka. Dyness sanachotse dzanja lake, ndipo anakhala choncho mpaka belu lotulutsa alendo linalira, Tisauke n'kuwagwira bambo ake paphewa kuwauza kuti lalira.